Paipi ya Madzi Enawo

A Fryson Chimphamba ukawaona Lamlungu ungalumbire kuti chibadwire sanagwirepo kanthu kakuda. Malaya oyera mbee, tayi yofiirira, nsapato zoti ntchentche ikaterapo iterereka. Kutchalitchi kwathu ku Dennistoun tonse timawatcha Aphunzitsi, poti kumudzi anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale ku Dedza, ndipo mpaka lero akamalengeza za maliro amayankhula ngati pabwalo pali ana mazana asanu. Ku Glasgow anabwera motsatira akazi awo, a Martha, amene ndi namwino pachipatala china chachikulu. Mapepala awo a uphunzitsi atawaonetsa kuno, eni dziko anangomwetulira n'kuwabwezera. Chaka chathunthu bamboyu anakhala m'nyumba kuonerera mvula pawindo.

Ine ndine Catherine, ndimasamalira okalamba ku Partick. Ntchito yeniyeni ya a Fryson ndinaidziwa mwangozi. Nditangofika kumene kuno ndinkakolopa maofesi, ndipo ofesi ina inali payadi ya mzungu wina dzina lake Dave, kummawa kwa mzinda, amene amabwereketsa makalavani. Kalavani ndi nyumba ya matayala yokoka ndi galimoto. A kwa Dave ndi akuluakulu aja ochokera ku America, okhala ndi bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi momwemo. Anthu amapita nawo kumapiri kapena kuzisangalalo za nyimbo, amadya, amamwa, n'kubweza Lolemba thanki ya pansi itadzaza. Ndiye pafunika wina woti aikhuthule. Mmawa wina ndikukataya madzi okolopera kuseri, ndinaona munthu atagwada m'matope, atavala ovololo ndi magolovesi ofika m'zigongono, akulumikiza chipaipi chakuda chamakwinya kunsi kwa kalavani. Atadzutsa mutu ndinapeza kuti ndi Aphunzitsi.

Anavula golovesi imodzi kuti andipatse moni, kenako anayang'ana dzanja lawo n'kuivalanso.

"Achemwali," anatero, "zimene mwaonazi zithere pompano. Ngakhale make Tadala sadziwa. Iwo amadziwa kuti ndimakonza magetsi ndi matayala."

Ndinalonjeza, ndipo ndinkadziona ngati munthu wabwino posunga chinsinsicho. Ndinachisunga zaka zisanu ndi ziwiri.

Koma ndinene zoona, ntchito ija ankaigwira ngati mayeso a boma. Asanabwere iwo, mapaipi onse ankangoponyedwa m'kabati imodzi ya m'mbali mwa kalavani: yakuda ya kuchimbudzi, yoyera yothirira madzi akumwa, mipando yopinda, zonse pamodzi. A Fryson ataona zimenezo anachita nseru tsiku lonse. Anakatola mapaipi apulasitiki okhuthala amene omanga nyumba amataya, n'kuwadula molingana ndi m'lifupi mwa kalavani, n'kuwamangirira kunsi, kuseri kwa matayala, mopendekeka pang'ono. Pansi pake anaboola timabowo kuti madzi otsalira azidontha ndi mphepo izilowa. Mbali zonse ziwiri anaika zotsekera zamazinga n'kuzipaka penti yofiira. Umo ndimo munakhala m'nyumba ya paipi yakuda. Yoyera ija anaisamutsira kutsogolo, mbali inayo, m'ndowa yakeyake yovundikira. Pokhuthula ankayamba ndi thanki ya kuchimbudzi, kenako ya madzi a kubafa kuti atsuke m'kati mwa paipi, kenako jiki, kenako kuyanika pampanda. Ikauma ankaifinya kuti ifupike n'kuilowetsa m'malo mwake. Dave ankauza aliyense kuti chiyambire bizinesi yake sanakhalepo ndi wantchito wotere.

Tsiku lina anandifotokozera lamulo lawo, poti Dave sakanalimva. "Yakuda ndi yoyera zili ngati mkamwini ndi apongozi ake," anatero. "Mudzi ndi umodzi, koma sakumana panjira." Tinaseka. Chimene ndinaona n'chakuti paipi yakudayo sankaitchula dzina. Ankati paipi ya madzi enawo. Dave atawauza kuti alembe pazotsekera zija chimene chili m'katimo, anakana, amvekere utoto wofiira ndi wokwanira. Dzanja limene linalemba pabolodi zaka makumi awiri silikanalemba mawu amenewo. Madzulo ankasamba payadi pomwepo, n'kuvala malaya oyera, n'kukwera basi atanyamula nyuzipepala.

Chaka chatha kunabwera a Nachisale, mayi awo a Martha, kudzacheza miyezi isanu ndi umodzi. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri, wamfupi, wodwala shuga, wosadziwa kukhala pansi. Sabata yoyamba anatsuka masitepe a nyumba yonse mpaka kwa azungu a pamwamba. Iwo ndi a Fryson anali anthu a mwambo wakale, wa kupewana kwa mkamwini ndi apongozi. Kumudzi n'zosavuta, wina akamabwera uko iwe umapatukira kutchire. Nanga m'kanyumba ka zipinda ziwiri ka ku Dennistoun upatukira kuti? Akakumana pakhonde la m'kati, wina ankayang'ana khoma ili, wina khoma ilo, ngati ana olangidwa. Mawu onse ankadzera mwa Martha. "Auzeni amayi kuti tiyi wapsa." "Auzeni bambo kuti ndathokoza." Choipitsitsa chinali chimbudzi, chimodzi chokha, choyang'anana ndi pabalaza. A Nachisale sankalowamo mkamwini ali m'nyumba. Ankadikira mpaka amve chitseko chapanja chatsekeka. Ife tinkaseka n'kumati koma ulemu ulipo m'banja limeneli.

Mu Ogasiti Dave anabwereka a Fryson kalavani imodzi ndi galimoto yake, kwaulere, kuti akaonetse apongozi dziko. Mwana wawo Tadala anali ku Dundee kusukulu, ndiye Martha anaitana ine kuti ndizikacheza ndi amayi. Tinapita Lachisanu kumalo ena ogonera makalavani kumpoto kwa Glasgow, pakati pa mapiri ndi nkhosa ndi tizilombo tija toluma tosaoneka. A Fryson anagona m'galimoto, ife atatu m'kalavani.

Loweruka a Fryson analawirira kukakhuthula thanki ife tisanadzuke, kuti apongozi asawaone akugwira zimenezo. Kalavani ija inali itangochokera kuzisangalalo za nyimbo ndipo thanki inali ndi za anthu ena. Ali m'kati mwa ntchito anamva chitseko chikutseguka. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonse zija anadumpha ndondomeko yawo. Anaizula paipi, osaitsuka, n'kuikankhira m'malo mwake ili yonyowa, n'kutseka chotsekera chofiira, n'kuimirira ngati akuona matayala. Kenako iwo ndi Martha anapita kukagula buledi kukamudzi kapafupi, ine ndinapita kukasamba kumabafa a pamalopo. A Nachisale anatsala okha.

Zimene anachita anatifotokozera okha, monyadira. Anaona madzi abuluu akudontha kunsi kwa kalavani. Anagwada, anatsegula chotsekera, anasolola chipaipi chonse. M'thanki ya kuchimbudzi mumathiridwa mankhwala abuluu onunkhira ngati sopo wochapira, ndiye mphuno sinawauze kanthu. Kwa iwo chofiira ndi mtundu chabe. Anaona kuti ndi paipi yotayira madzi otsukira mbale imene ana aulesi aisunga yosatsuka. Anaiika m'beseni lathu lalikulu, anaitsuka ndi manja m'madzi ozizira, anakatenganso yoyera ija kutsogolo n'kuitsukira momwemo, n'kuzikulunga zonse ziwiri pamodzi bwinobwino paudzu. Beseni analitsukuluza kamodzi n'kuyamba kuduliramo tomato ndi anyezi.

Ine ndi a Fryson tinafika nthawi imodzi. Ndinaona nkhope yawo ikuchita phulusa. Ine ndinali nditakolopa payadi paja, ndinadziwa nthawi yomweyo chimene maso anga akuona. A Nachisale anali atakhala paudzu, miyendo atatambasula, akudya tomato wothira mchere ndi dzanja lomwelo.

A Fryson ananjuta chapatali, atayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse.

"Make Tadala, auzeni amayi kuti paipi yakudayo ndi ya madzi enawo."

Martha anali akulowetsa katundu mufiriji. Sanacheuke n'komwe. "Amayi, akuti ndi ya madzi a m'sinki, musavutike nayo."

"Auzeni bambo asadandaule, ndatsuka ndi sopo," anayankha a Nachisale. "Anthu aamuna kusunga zinthu sadziwa."

Ndinawayang'ana a Fryson. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono, pang'ono zedi. Ndinatseka pakamwa. Ndikakumbukira mphindi imeneyo ndimafuna kudzimenya mbama. Mawu amodzi okha, amene mwana wa zaka zitatu amawatchula osaphethira, anatikanika akuluakulu awiri a mpingo.

A Fryson anachita zimene akanatha kuchita mosayankhula. Ananyamula beseni akuti akaliike pozizira, n'kukataya zonse kubini, pobwera amvekere lagwa. Paipi yoyera anaitayanso. Madzi anagula a m'mabotolo. Anauza Martha kuti auze amayi asambe m'manja ndi madzi otentha chifukwa cha nkhosa. Podzafika Lamlungu madzulo tili ku Dennistoun ndipo aliyense ali bwinobwino, a Fryson anandinong'oneza pamasitepe kuti, "Mulungu watichitira chifundo." Inenso ndinavomera kuti ameni.

M'mimba munayamba Lachiwiri. Koma mayi wa mwambo angauze ndani kuti watsegula m'mimba m'nyumba ya mkamwini? Martha sabata imeneyo ankagwira maola khumi ndi awiri, ankachoka amayi ali m'chipinda n'kubwera wotopa ngati galu. A Nachisale ankapirira mpaka a Fryson atuluke. Madzi analeka kumwa kuti asamapitepite kuchimbudzi. M'chikwama chawo munali makapisozi amene anabwera nawo kuchokera kumudzi, aja timanyamula tonsefe poopa mizere ya kuchipatala kuno. Anayamba kumwa awiriawiri. Lachinayi munayamba kutuluka magazi, sananenebe. A Fryson ankamva kubuula kuseri kwa khoma. Anafunsa Martha kuti amayi ali bwanji, Martha anafunsa amayi, amayi anati ndi kuzizira chabe, ndipo yankho linabwerera momwe linadzera.

Lachisanu masana foni yanga inalira ndili kunyumba. "Achemwali, thamangani. Amayi agwa kubafa." Ambulansi anali ataitana kale. Ine ndimakhala misewu iwiri kuchokera kwawo, ndinathamanga ndi masilipasi. Ndinawapeza ataima pakhonde, dzanja lili pachitseko cha kubafa, chitseko chili chotseguka pang'ono, iwo atayang'ana kudenga. Munthu amene amakhuthula za anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku anakanika kulowa kukadzutsa apongozi ake. Ndinawakankha. Zimene ndinapeza m'katimo sindilemba.

Kuchipatala dokotala wachitsikana anafunsa mafunso ake, Martha akumasulira. Kodi agwirapo ziweto? Adyapo nyama yosapsa? Amwapo kapena agwirapo madzi oipa? Martha anati ayi, tinali ndi madzi a m'mabotolo. Ndinayang'ana a Fryson, iwo anali kuyang'ana nsapato zawo zowala zija. Ndipo ine, Catherine, wapakamwa ngati wailesi, amene ndimakalipira madalaivala a basi, ndinakhalanso chete kachiwiri.

Lamlungu impso zinaleka kugwira ntchito, anawalumikiza kumakina otsuka magazi. Pamenepo mtima wanga unaphulika. Ndinawapeza a Fryson pafupi ndi makina ogulitsa tiyi, atavala suti ya kutchalitchi.

"Aphunzitsi, mukanena inu kapena ndikanene ine?"

"Achemwali, atestinga kale, adokotala apeza okha."

"Apeza chiyani? Mayi uja akufa akuganiza kuti walodzedwa. Mkazi wanu akudzitukwana kuti ndi namwino wosaona mayi ake. Manyazi anapha lambe, inu mukufuna aphe angati?"

Anavula tayi n'kuiika m'thumba. Anapita kwa dokotala n'kufotokoza zonse m'Chingerezi chawo cha m'mabuku, Martha ali pomwepo. Dokotala sanawanamize. Anati kachilombo anali atakapeza kale, ndi koopsa kochokera m'chimbudzi cha munthu kapena cha ng'ombe, ndipo sangalumbire kuti zonse zikanasintha. Koma akanadziwa Loweruka lomwe lija, mayiyo akanayang'aniridwa kuyambira tsiku loyamba, akanapatsidwa madzi msanga, ndipo akanaletsedwa makapisozi aja, amene pa matenda amenewa amangothira mafuta pamoto.

Martha sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangoti, "Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikusita malaya a munthu wamagetsi." Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanunso, Catherine, munadziwa?" Ndinati eya.

Mawa lake a Nachisale anatsitsimukako. A Fryson anapempha kuti alowe. Martha anakhala pampando wa pakona atapinda manja, ine ndinaima pakhomo. Bambo uja anagwada pansi m'mbali mwa bedi, ndipo m'malo moti auzeni amayi, anayankhula yekha.

"Amayi, ndine Fryson. Paipi munatsuka ija ndi ya manyi. Ntchito yanga ndi yokhuthula manyi a azungu. Ndinaona, ndinadziwa, sindinanene. Ndakuphani ndine."

A Nachisale anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mkamwini wawo kumaso. Zaka makumi awiri ndi zisanu za ukwati wa mwana wawo anali asanateropo.

"Bambo," anatero ndi mawu otsika, "zoti mumagwira za kuchimbudzi ndinadziwa tsiku lomwe munandilandira chikwama kubwalo la ndege. Manja a jiki ndimawadziwa. Amasuwa m'mphepete mwa zikhadabo. Bambo ake a Martha anatsuka zimbudzi za pamsika ku Limbe mpaka kufa kwawo. Ana tinkawauza kuti ndi a mesenjala."

Martha anadzuka pampando. "Amayi, mukuti chiyani?"

"Ndi manja amenewo unaphunzira nawo unamwino, mwanawe." Anapuma kaye, makina akulira pambali. "Ndinafuna kukuuzani, bambo, kuti musamabisale m'nyumba mwanu momwe. Koma ndikanayamba bwanji, ine mpongozi? Chimene sindinadziwe n'chakuti galimoto imakhala ndi matumbo. Mukanangonena."

Anakhala masiku ena khumi ndi limodzi. Mtima unatopa ndi makina, anamwalira Lachisanu dzuwa likuwala bwino, zimene ku Glasgow sizichitikachitika. Mpingo unasonkha, thupi linapita kumudzi, Martha ndi Tadala analiperekeza. A Fryson anapitanso, koma ndinamva kuti pamaliro anakhala kumbuyo kwenikweni, pamodzi ndi adzukulu okumba manda.

Panopa a Fryson ndi Martha akukhalabe m'nyumba yomwe ija. Amayankhulana za magetsi, za kalata, za Tadala, basi. Malaya amasita okha. Ine Martha sandipatsa moni, ndipo sindimudandaula, akanakhala mayi anga ndikanachita zoposa pamenepo. Kutchalitchi nkhani inafika ife tisanafike, monga mudziwa Amalawi. Ena amawatchabe Aphunzitsi, ena akapatsidwa moni wa pamanja amapukuta dzanja pachitenje akaganiza kuti palibe akuona. Ameneyo ndikamugwira ndimamufunsa kuti kuntchito kwake kosamalira okalamba kuja matewera amasintha ndi mapemphero kapena ndi manja.

Mwezi watha ndinadutsira payadi paja, sindikudziwa chimene chinandikoka. Kunali kamvula kaja kosatha. Makalavani anali pamzere, okwana khumi ndi anayi, mapaipi akuda atayanikidwa pampanda. A Fryson anali atagona chagada pakatoni kunsi kwa kalavani yomalizira, kabulashi m'manja, kachitini ka penti yoyera pambali. Dave anatuluka mu ofesi n'kundikodola.

"Iwe umamva chiyankhulo chake," anatero. "Ndinamuuza kalekale kuti alembe, ankakana. Tsopano walemba pa zonse, mbali zonse ziwiri. Chachingerezicho ndachiona. Koma chapamwambacho n'chiyani? Makasitomala anga palibe amene angachiwerenge."

Ndinawerama. Pachotsekera chofiira chilichonse panali malembo oyera, owongoka, ofanana msinkhu, dzanja la mphunzitsi wa sitandade wani. Pansi panali mawu a Chingerezi ang'onoang'ono. Pamwamba, m'malembo aakulu, panali MANYI.

Ndinamuuza Dave kuti alipo mmodzi amene akanawerenga. A Fryson sanadzutse mutu, anaviika kabulashi m'chitini n'kuyamba M wina.